Adzalembe za Chia Ndani?

Pakati pa zonse zimene wophunzira uphunzitsi amalandira m'zaka zimene amakhala pa koleji kapena pa yunivesite, kuyambira maphunziro a kaleredwe ka ana ndi luso lokonza sikimu ndi pulani ya phunziro, kufikira miyezi ija yokayesera kuphunzitsa pamaso pa ana enieni, chilipo chinthu chimodzi chimene sichilembedwa pa satifiketi, chimene ambiri amachilambalala poganiza kuti n'chotayitsa nthawi, koma chimene ine, pokhala ndinatula choko pansi ndi kubwerera kwathu kuno ku Chia, ndimachiwerengera pamodzi ndi zazikulu: ndicho magazini ya ophunzira, imene amailemba okha, naikonza okha, naigawana okha. Sindinena izi chifukwa choti magaziniyo imatchukitsa munthu, pakuti makope ake amakhala owerengeka ndipo kawirikawiri sadutsa mpanda wa koleji. Ndinena chifukwa munthu amene adzatha moyo wake wonse akulamula ana a eni kuti alembe, ayenera iye mwini kuyamba walawa kulemera kwa cholembera, ndi mantha aja oona mawu ake ali poyera pamene sangathenso kuwabweza.

Taonani ana a kuno kwathu. Nyanja ya Chia ili pa mtunda wa makilomita oposa 20 kumwera kwa boma la Nkhotakota, ndipo madzi ake, amene amatsika ndi mitsinje kuchokera ku mapiri a Ntchisi, amakakumana ndi nyanja yaikulu podzera pa kamtsinje kamene msewu wa M5 umakawoloka pa mlatho. Mwana wobadwira pano, asanafike Sitandade 5, amakhala atadziwa kale kusiyanitsa mwera ndi mpoto pongoona m'mene madzi adzukira; amadziwa nyambo imene mlamba umakonda, ndi malo a m'bango amene munthu sapondapo chifukwa cha ng'ona; mtsikana wa msinkhu womwewo amadziwa kuti chinangwa chovika chafewa asanachikhudze n'komwe, amadziwa kuwokera mpunga ndi kuamira mbalame, ndipo mtengo wa chambo pa mlatho amautchula molimba mtima kwa woyendetsa galimoto amene akufuna kumunyengerera. Koma mwana yemweyo mukamupatsa kope ndi kumuuza kuti alembe chimangirizo, amakulemberani za ulendo wa ku Blantyre kumene sanapondeko, ndi za ndege imene anangoiona m'mwamba, m'mawu obwereka amene anawaloweza kwa mkulu wake, amenenso anawaloweza kwa wina. Zonse zimene amadziwa ndi maso, ndi mphuno, ndi manja, amazisiya pakhomo la kalasi pamodzi ndi matope a kumapazi.

Mlandu wake si wa mwana ayi. Mwana amaona kuti m'mabuku amene wagwirapo mulibe bwato la atate wake, mulibe kondowole wa amake, mulibe nkhungu zimene zimafuka panyanja, ndipo mumtima mwake amagamula kuti za kwawo n'zosayenera kulembedwa. Amene akanamutsutsa ndi mphunzitsi. Koma mphunzitsi amene sanayesepo kuika mudzi wa kwawo papepala adzamutsutsa ndi chiyani? Iye adzaphunzitsa monga anaphunzitsidwira, kuti chimangirizo chili ndi chiyambi, thunthu ndi mathero, ndipo pochonga adzasaka zilembo zolakwika zokha, osafunsa ngati mwanayo wanena kanthu kalikonse koona.

Kale sizinali chotero, ndipo m'dziko lino aphunzitsi ndiwo anali alembi. Samuel Josia Ntara, amene anabadwa mu 1905, anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma pamene analemba buku la Nthondo, limene linapambana mpikisano wa zolemba m'zinenero za mu Africa ndi kusindikizidwa mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi kuti a maiko akutali aliwerenge. Pambuyo pake yemweyo anayenda mwa akuluakulu nasonkhanitsa Mbiri ya Achewa. John Gwengwe ndi E. J. Chadza, amene mabuku awo analera mibadwo ya ana a sukulu, anali anthu a ntchito ya maphunziro yomweyi. Anthu amenewa anakula m'nthawi imene mphunzitsi ankaona mawu a Chinyanja atadindidwa m'magazini monga Mthenga, imene amishoni a Dutch anayamba kuisindikiza mu 1909, ndipo mtima wofuna kulembako unkamera wokha. Ngakhale kuno kunyanja kulemba si mlendo wadzulo. M'masiku a ma Jumbe, anthu a ku Nkhotakota ankalemberana makalata m'zilembo za Chiarabu amishoni asanafike. Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895 naikidwa m'tchalitchi cha All Saints pa boma lathu lomweli, anali atayambitsa kale nyuzipepala ya Nyasa News pa chilumba cha Likoma mu 1893. Ndipo koleji ya St Michael's, imene inayambira ku Kobwe kutsidya kwa nyanja, inatulutsa aphunzitsi amene anadzaza midzi ya m'mphepete mwa nyanja ndi sileti ndi choko. Chotero mwana wa ku Nkhotakota amene akuphunzira uphunzitsi lero sayenera kudziyesa wobwera mochedwa pa bwalo la olemba.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, ndipo Yunivesite ya Malawi itatsegulidwa chaka chotsatira, aphunzitsi a sukulu za sekondale ankaphunzitsidwa pa koleji ya Soche Hill mu Blantyre, ndipo koleji imeneyi inali ndi magazini yakeyake yotchedwa Soche Canedo, m'mene munkatuluka ndakatulo ndi nkhani za ophunzira. Pa koleji yomweyo panadzera Jack Mapanje, mwana wa kunyanja ngati ife, wa ku Kadango m'boma la Mangochi, amene poyamba anaphunzira uphunzitsi asanamveke m'maiko monga mlakatuli. Mu 1970 pa Chancellor College panabadwa gulu la olemba limene linkakumana sabata ndi sabata kuwerengerana ndi kudzudzulana zolemba zawo, ndipo m'nyengo yomweyo munatuluka magazini monga Odi, imene inkasindikiza Chichewa ndi Chingerezi pamodzi, ndi The Muse. Mu 1973 Soche Hill inaphatikizidwa ndi Chancellor College pamene inasamukira ku Zomba, ndipo mu 1976 kunatuluka Kalulu, wosonkhanitsa nthano, nyimbo ndi miyambi ya pakamwa. Tisaiwale kuti zonsezi zinkachitika pansi pa lamulo la 1968 lounika zolembedwa, pamene mawu amodzi olakwika ankatha kumugonetsa munthu kumene sanakonzekere, monga anagonera Mapanje m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991. Ngati anyamata ndi asungwana a masiku amenewo, amene ankayamba ayang'ana kumbuyo asanawerenge ndakatulo mokweza, sanaleke kudzaza masamba a magazini zawo, ophunzira a lero, amene pakamwa pawo panamasulidwa mu 1993 ndi 1994, adzapereka chifukwa chotani chokhalira chete?

Ine ndinaphunzira pa koleji yaing'ono, ndipo magazini yathu inalibe dzina lomveka kutali, koma m'mene inkapangidwira ndimakumbukira monga za dzulo. Tinkachotsa riboni pa taipilaita kuti zilembo zicheke stensulo, ndipo wotaipa ankayenera kumenya mosamala, pakuti chilembo chozungulira akachimenya ndi mphamvu chinkaboola pepalalo n'kusiya dontho lakuda pa makope onse. Akalakwitsa ankapakapo mankhwala ofiira a fungo lolasa mphuno, n'kuuzira kuti aume, n'kutaipanso pomwepo. Kenaka stensuloyo tinkaikuta pa makina a Gestetner, wina n'kumapukusa chogwirira, wina n'kumalandira mapepala ali ndi inki yosauma, ndipo usiku womaliza tinkandandalika milu ya masamba pa matebulo a m'chipinda chodyera, ife n'kumazungulira mondondozana, aliyense kutola tsamba pa mulu uliwonse kufikira kope lakwanira. Pofika m'mawa malaya athu oyera anali ndi zidindo za zala, koma palibe ankadandaula.

Nkhani yanga ya m'magaziniyo inali yofotokoza kaluke ndi katcheredwe ka mono m'nyanja ya Chia. Mkonzi wathu anali wophunzira mnzanga wochokera ku mapiri a kum'mwera, amene chibadwire anali asanaonepo mono ndi maso, ndipo ataiwerenga anabwera nayo kwa ine nati, "Achimwene, mwalemba kuti nsomba ikalowa siitulukanso. Ine ndakhulupirira chifukwa mwanena ndinu, koma sindinaone. Khomo limene yalowera latsekedwa ndi yani?" Funso limeneli linandikhalitsa pansi, pakuti chinthu chimene manja anga ankachidziwa kuyambira ubwana, pakamwa panga panalibe mawu ake. Pa tchuthi ndinapita kwa atsibweni anga, amene anali mmisiri woluka miono, ndi kuwapempha kuti andionetse pang'onopang'ono. Iwo anaseka nati, "Mphwanga, sukulu yonseyi ukadzafunse za mono?" Koma anautenga, naulozetsa kudzuwa, nandilowetsa dzanja pakhomo pake. Pamenepo ndinamva timitengo tosongoka tija, timene timalukidwa mopendekera m'kati ndi kukumana nsonga, tikupatuka mofewa pamene dzanja likulowa, ndi kundibaya pamene ndinayesa kulibweza. Anandionetsanso pamene amaika nyambo ya madeya, ndi chifukwa chake mono umatcheredwa pa mpata wa mpanda wa bango, kumene nsomba, posowa podzera pena, imadzera yokha. Ndinabwerera ku koleji ndi masamba awiri, ndipo mkonzi uja atawerenga anati, "Tsopano ndauona."

Mawu awiri amenewa anandiphunzitsa za kuchonga makope koposa maphunziro ambiri a m'kalasi. Ndinazindikira kuti wolemba amamangidwa ndi funso lochokera kwa munthu amene akufunadi kumva, ndi kuti cholembera chofiira chimene chimangodula popanda kufunsa chimaphunzitsa mwana kubisala. Chiyambire pamenepo, mwana akandilembera kuti atate wake anapita kunyanja usiku nabwera ndi usipa, ndinkamulembera m'mphepete kuti: anapita ndi yani, ananyamula nyali zingati, siginala anakhala bwato liti, chilimira anachikoka bwanji? Ndipo ana amene anthu ankati ndi ouma mutu ankandibweretsera masamba odzaza mbali zonse, pakuti kwa nthawi yoyamba munthu wamkulu wawafunsa chinthu chimene iwo akuchidziwa kuposa iye. Mphunzitsi amene nkhani yake inabwezedwapo ndi mkonzi amadziwa kuwawa kwake, ndipo dzanja lake pa kope la mwana limakhala lolimba koma lachifundo; amadziwanso kuti kulemba kachiwiri si chilango, koma ndi ntchito yeniyeniyo, monga msodzi sayesa kusoka ukonde pamchenga kukhala chinthu chosiyana ndi usodzi.

Ndikudziwa zimene ophunzira a masiku ano angayankhe, pakuti mdzukulu wanga amene akuphunzira za uphunzitsi pa yunivesite anandiyankha zomwezo. Anati, "Agogo, magazini ilibe malikisi. Nthawi imene ndingalembe nkhani ndi yomwe ndiyenera kuwerengera mayeso, ndipo ndalama ya mapepala ndi yomwe ndimadyera." Mawu amenewa ndi oona, ndipo sindiwapeputsa, pakuti njala ya pa koleji ndi njala ndithu, ndipo mwana amene makolo ake anagulitsa matumba a mpunga kuti alipire fizi ali ndi ngongole ya kukhoza mayeso. Komabe kuongola mtengo n'kuuyamba uli waung'ono. Kuyambira 1994, pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, mphunzitsi wa m'dziko lino amalandira kalasi imene nthawi zina imapitirira ana 100, ndipo madzulo ake amathera pa mulu wa makope. Amene sanazolowere kulemba ali pa koleji, pamene ali ndi laibulale pafupi, anzake omuwerengera, ndi aphunzitsi omuongolera, sadzayambira kumudzi pa kuwala kwa tochi. Za mapepala nazo zinapepuka, pakuti kumene ife tinkapukusa makina usiku wonse, lero ophunzira a ku Domasi, ku Nalikule, ku Mzuzu, ku Nkhoma kapena ku Zomba angathe kukonza magazini pa kompyuta imodzi ndi kuigawana pa mafoni. Koma ndichenjeze kuti kuponya maganizo pa WhatsApp kapena pa Facebook si chimodzimodzi ndi kulemba m'magazini, chifukwa kumeneko kulibe mkonzi woti akuimitse ndi kukufunsa kuti khomo latsekedwa ndi yani.

Pali nkhani ya chinenero, imene sindingaidumphe. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira, ndipo ophunzira ambiri amaona ngati nkhani ya m'Chichewa m'magazini ya pa yunivesite ndi chizindikiro cha kulephera. Chingerezi ndi chofunika, ndipo mphunzitsi achidziwe bwino ndi kuchilemba mosadodoma; amene ali ndi mphatso yolemba m'Chingerezi alembe, ndipo amene chinenero cha amake ndi Chitonga, Chiyao, Chitumbuka kapena Chilomwe, akonzi amupatse malo. Koma Chichewa chili ndi malamulo a kalembedwe kuyambira 1973, chili ndi Buku Lopatulika kuyambira 1922, chili ndi mtanthauziramawu wakewake amene a Centre for Language Studies anatulutsa mu 2000. Chimene chikusowa ndi anthu ophunzira olemba nacho zinthu zolemera. Wophunzira za sayansi ayese kufotokoza m'Chichewa chifukwa chake madzi a m'Chia amafiira mvula ikagwa ku Ntchisi, ndipo adzaona yekha ngati phunzirolo analimvetsa kapena anangoliloweza. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndipo akonzi ndiwapemphe kuti mawu a kunyanja, kapena a kudera lina lililonse, asamawafufute chifukwa choti ku Lilongwe samveka. Awasiye, wowerenga aphunzirepo.

Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti zoyenera kulembedwa zikutha tikuona. Mitengo ya m'mphepete mwa mitsinje itadulidwa, dothi la kumtunda likutsikira m'Chia chaka ndi chaka, ndipo malo ena amene tinkapalasa bwato tili anyamata, lero anthu amalimapo. Asodzi achikulire amene ankadziwa nyengo imene nsomba zimaswa, ndi malo amene makolo ankaletsa kuponyapo ukonde, akupita mmodzimmodzi, ndipo m'malo mwawo mwabwera maukonde a maso aang'ono amene sasiya ngakhale kamwana ka chambo. Amayi amene ankaimba nyimbo za pamtondo posinja mpunga akuchepa, chifukwa chigayo chinalanda mtondo. Alendo amabwera ndi magalasi oonera patali kudzawerenga mbalame za m'nyanjayi, nalemba m'mabuku awo, ndipo achita bwino. Akatswiri a za nsomba amabwera nayeza madzi, nalemba malipoti m'Chingerezi amene mwana wa pa Chia sadzawaona. Ambiri a dziko lapansi amadziwa Nkhotakota chifukwa cha mkuyu umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, ndi chifukwa cha malonda oipa aja a akapolo. Koma za m'mene anthu wamba a m'mbali mwa nyanja ino akhalira, adyera, akwatirana ndi kuikana m'manda, mbali yaikulu ikadali m'mitu ya nkhalamba. Mlendo sangazilembe zonse, pakuti nkhalamba siiulula za kumtima kwa munthu wodzera pa womasulira. Imaululira mdzukulu wake.

Wophunzira asadere nkhawa kuti ayenera kuyamba ndi ndakatulo zozama kapena nkhani zodzudzula dziko lonse. Magazini ya aphunzitsi a mawa imafuna zinthu zimene mphunzitsi mnzako angadzazigwiritse ntchito: m'mene unaphunzitsira kugawa manambala ndi milu ya usipa pamene mabuku anali osakwanira, chimene unachita ndi mnyamata amene ankagona m'kalasi chifukwa usiku anali panyanja, nthano imene agogo ako ankakamba ndi m'mene ana anailandirira utaibweretsa m'kalasi, ngakhale funso limene mwana anakufunsa pa nthawi yoyesera kuphunzitsa iwe n'kusowa poyankha. Mnzako wa ku Chitipa akawerenga za sukulu ya kunyanja, ndipo iwe ukawerenga za sukulu ya m'minda ya tiyi ku Thyolo, nonse mudzapita kumene boma lidzakutumizeni muli odziwa kale kuti ana a dziko lino sakula mofanana; paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndipo akuluakulu oyendetsa makoleji, amene amapeza ndalama ya mpira ndi ya zikondwerero, aipezenso ya magazini, naikire mphunzitsi mmodzi woiyang'anira amene adzalangiza popanda kulanda cholembera m'manja mwa ophunzira, ndi kusunga kope la chaka chilichonse mu laibulale, kuti obwera m'mbuyo adzaone kuti anzawo anayambapo.

Tsono inu ana athu a ku Chia, a ku Benga, a ku Linga ndi midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja ino, amene muli m'makoleji ndi m'mayunivesite kukonzekera uphunzitsi, tchuthi chikubwerachi musathere pa mlatho kuonerera magalimoto. Tengani kope, mukakhale pansi ndi atsibweni anu ndi agogo anu akadali ndi mpweya, muwafunse kufikira mutaona ndi maso chimene akunena, mukachilembe, ndipo mkonzi akakubwezerani mukachilembenso. Ngati pa koleji panu magazini inafa, itanani anzanu atatu kapena anayi muiutse. Ndipo ikatuluka, sindikizani kope limodzi papepala, mulitumize kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale imene munaphunzirako, kuti akawawerengere ana a Sitandade 8.